Inu a ku Joni, lekani kutaya ma rand pa okushoni ya pa foni

Abale anga a ku Joni kuno, lero ndiyankhula ndipo amene akwiye akwiye basi. Ndakhala chete nthawi yaitali poti ndalama ndi za mwini, thukuta ndi lake, koma za sabata yathayi zandikwana.

Lachiwiri usiku cha m'ma 9 kunagogoda mphwanga, mwana wa mlongo wanga, kuchipinda kwanga ku Turffontein. Nsima inali pa mbale yotentha bwinobwino ndi usipa womwe anandibweretsera a transipota, mnyamata anakana kudya. Uyu ndi munthu woti nsima sakana ngakhale atadya kale kwawo, nde ndinadziwa kuti kwagwa kanthu. Anangokhala pa kreti osayankhula kenako n'kunditambasulira foni kuti malume taonani.

Nkhani yake ndi iyi. Ankafuna laputopu yoti atumizire mng'ono wake amene ali pa koleji ku Zomba. Anaipeza pa webusaiti ina ya okushoni, dzina sinditchula, anapikisana ndi anthu mpaka R3,500 wina n'kumupitilira mphindi yomaliza. Mpaka apo palibe cholakwika, waluza waluza. Mawa lake kukubwera meseji yoti amene anawina uja walephera kulipira, ngati mukuifunabe tengani pa R3,200, koma tisadzere pa webusaiti chifukwa amadula komishoni, nayi nambala yanga ya WhatsApp. Mnyamata kusangalala kuti Mulungu wayankha. Anatumiza ndalama ku akaunti yomwe anapatsidwa, dzina la pa akaunti losiyana ndi dzina la wogulitsa, anafunsa n'kuuzidwa kuti ndi ya akazi anga, iye n'kuvomera. Anamutumizira chithunzi cha risiti ya courier. Patapita masiku awiri akuti katundu wagwidwa ku depoti pakufunika R600 ya inshulansi mudzabwezeredwa katundu akafika, analipiranso. Pamene amandionetsa foni ija chithunzi cha munthu uja chinali chitasowa, mameseji asanu ndi awiri otsatizana onse tiki imodzi, womaliza analemba kuti bwana chonde ndine wosauka. R3,800 yapita. Mnyamatayu amagwira m'garden ku Randburg, amadzuka 4 koloko kukakwera taxi ku Bree, ndalama imeneyo ndi pafupifupi mwezi wathunthu wa dzuwa pamsana.

Ndinamukalipira, sindibisa. Kenako ndinamumvera chisoni. Koma chomwe chandilembetsa n'choti nditaifotokoza nkhaniyi Lamlungu titatuluka m'tchalitchi anthu anayi anandikokera pambali payekhapayekha kundiuza kuti nanenso zinandichitikira, wina firiji, wina foni, mayi wina makina osokera. Onse anangokhala chete chifukwa cha manyazi. Nde mbavazo zikudya bwino ndi manyazi anuwo, chifukwa mnzako wogona naye nyumba imodzi akukagwa m'dzenje lomwelo iwe ukudziwa koma osamuuza.

Tamverani tsono. Mawebusaiti enieni a okushoni, monga Bob Shop ija kale tinkati bidorbuy, amakhala ndi malamulo awo otetezera wogula. Koma chitetezocho chili ndi mpanda wake. Chimagwira ngati wagula mkati mwa webusaitiyo, walipira kudzera njira yawo, zokambirana zonse zili momwemo, ndiponso wadandaula masiku omwe anaika asanathe. Wogulitsa akangoti tiyeni pa WhatsApp, ndipatseni pambali ndikuchotserani, dziwani kuti akukutulutsani mumpanda dala, ndipo mukatuluka mwatuluka ndi miyendo yanu. Mukabwerera kukalira a webusaiti adzayang'ana m'kompyuta mwawo sadzapeza kuti munagula kalikonse, nde akubwezereni chani? Komishoni mukuithawayo amalipira ndi wogulitsa, inu ikukupwetekani pati? Mwapulumutsa R300 n'kutaya R3,800, masamu a kusukulu iti amenewo.

Pa Facebook Marketplace ndi Gumtree nde n'zinanso, kumeneko nthawi zambiri amangokukumanitsani, ndalama mumapatsana nokha, palibe amene waigwira pakati. Ngati mwatumiza dipoziti kwa munthu simunamuone nkhope, katundu simunamugwire, mwapereka mphatso basi. Makamaka izi za eWallet, Cash Send, Instant Money, munthu amangopita pa ATM ndi PIN n'kutapa, ndalama yasanduka mphepo. PayShap yomwe inayamba mu 2023 ndi yabwino potumizirana ndi anthu odziwana chifukwa imalowa nthawi yomweyo, koma liwiro lomwelo ndi limene mbava ikufuna. Kulipira ndi khadi kuli ndi kaubwino kake, banki ikhoza kukutsatirani ndalama katundu akapanda kubwera, ngakhale nazonso sikuti zimatheka nthawi zonse.

Ena mumati aah kuno ndi ku South Africa kuli malamulo. Alipodi. Consumer Protection Act ya 2008 yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2011 imati ukagula katundu kwa munthu wabizinesi n'kupezeka ndi vuto mkati mwa miyezi 6 ukhoza kubweza, akukonzere, akusinthire kapena akubwezere ndalama. Palinso lamulo la 2002 la malonda a pa intaneti lomwe limapatsa wogula masiku 7 oti asinthe maganizo. Koma apa ndi pomwe ambiri simudziwa, malamulo awiri onsewa pa mfundo zimenezi anapatula katundu wogulidwa pa okushoni. Ndipo ukagula kwa munthu wamba amene akungogulitsa TV yake yakale, osati bizinesi, miyezi 6 ija musaiwerengere. Mukaona mawu oti voetstoots, ndi chiAfrikaans chimenecho, akutanthauza kuti mwatenga mmene chililimo, chikakafera kunyumba ndi chanu. Nde musanadine batani werengani, ngati chizungu chikuvuta funsani mwana wasukulu akuwerengereni, safunsa anadya phula.

Ife tinakulira pa fodya. Bambo anga malemu ankapita ndi mabelo ku okushoni ku Kanengo ndipo ine ndinawaperekezako ndili mnyamata. Ogula aja ankayenda m'mizere ya mabelo, belo lotsegula, kusolola tsamba kuliona kulinunkhiza, akapeza zinyalala mkati belo limabwezedwa. Anthu a makampani akuluakulu a ndalama zawo sankagula chinthu chomanga. Nde inu ndi ndani kuti mugule chithunzi? Ngakhale kaunjika pa msika wa Limbe mumayamba mwatambasula thalauza kuona ngati zipi ikugwira, koma foni ya R4,000 mukulipira mutangoona chithunzi chimene mwina achikopera pa intaneti pomwepo. Muuzeni wogulitsa ajambule katunduyo pambali pa pepala lolembapo dzina lanu ndi deti la lero, kapena ayimbe video call akuyatsa chinthucho inu mukuona. Woona mtima sizimuvuta, wakuba amayamba nkhani zoti kamera yafa, ndili ku Durban, katundu ali kwa achimwene.

Komanso okushoni ili ndi kamzimu kake koipa, imatenthetsa mutu. Unayamba ukuti sindipitilira R1,500, wina akawonjezera R50 iwe mtima phaa, akundiderera ameneyu, nawe kuwonjezera, mpaka pakati pa usiku uli pa R2,600 chinthu choti pa shopu ku Dragon City kapena ku Oriental Plaza ukanachigwira ndi manja pa mtengo womwewo n'kupatsidwa risiti. Ndipo nthawi zina amene ukulimbana nayeyo ndi mwini katundu yemweyo pa akaunti ina kapena mnzake, ntchito yake kungokweza mtengo kuti iwe upse. Lemba mtengo wako papepala usanayambe, uwonjezere ndalama ya courier, ukafika pamenepo ika foni pansi ukagone. Nyenyezi za wogulitsa muzionanso bwino, osangowerenga kuti zilipo zambiri. Munthu wagulitsa timabatani ndi tizingwe ta R20 kwa miyezi iwiri, anthu amuyamikira, lero mwadzidzidzi ali ndi ma iPhone khumi pa theka la mtengo, inu osadabwa? Akauntiyo mwina anaikonzera zimenezo kapena yabedwa kwa mwini wake.

Mayi wa makina osokera uja nkhani yake inandiwawa mwina. Iye analipira bwinobwino mkati mwa webusaiti, bokosi linafika, atatsegula anapeza makina akale a dzimbiri opanda mota pomwe pachithunzi panali atsopano. M'malo modandaula tsiku lomwelo anayamba kunyengererana ndi wogulitsa, uyo akuti pepani mama talakwitsa bokosi tikusinthirani sabata ya mawa, sabata ya mawa, sabata ya mawa, mpaka masiku odandaulira anatha. Ulemu wathu wachiMalawiwu nthawi zina umatipweteketsa. Phukusi likafika jambulani video mukutsegula kuyambira lili lomata, zikakhala zolakwika lembani dandaulo pa webusaitipo tsiku lomwelo, kupepesana kuzibwera pambuyo.

Anyamata a mafoni, inu nde ndikuuzeni mosapsatira. Foni yotchipa mopanda nzeru ndi yakuba, mukudziwa inunso. Dinani *#06# muone IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ngati ikufanana ndi ya pa bokosi ndi pa risiti, ikani SIM yanu muyimbe muli pomwepo, muonenso kuti mwini wake watulutsamo akaunti yake ya Google kapena iCloud. Foni yobedwa mwini akaitseketsa imasanduka tochi. Choopsa kuposa apo, kuno kupezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ndi wakuba iwe osatha kufotokoza bwino mmene unamupezera ndi mlandu, ndipo wapolisi sadzamva zoti ndinagula kwa munthu wa pa Facebook dzina lake sindikulidziwa. Mlendo ngati iwe ndi ine nkhani yotero imathera poipa. Pokakumana ndi wogulitsa pitani awiri, masana, pa mall pamene pali makamera kapena pafupi ndi polisi. Akasintha malo mphindi yomaliza kuti bwerani kuseri kuno lowani m'nyumba, bwererani, anthu alandidwa ndalama ndi mafoni mwanjira imeneyi ena kuvulazidwa kumene.

Za magalimoto ndingodutsamo. December akayandikira aliyense akufuna akatsike pa Mwanza kapena pa Dedza ndi bakkie yake anthu akamuone kumudzi, nde pamabuka masamba a okushoni onama oti magalimoto olandidwa ndi banki, lipirani dipoziti tikusungireni. Pitani ku yadi mukaione galimotoyo ndi maso, nambala ya VIN yodindidwa pa galimotoyo ifanane ndi ya pa mapepala. Kulibe yadi, kulibe galimoto.

Tsono pali china chimene chimandichititsa manyazi kuchinena. Si onse otibera amene ndi eni dziko kapena a maiko ena, ena ndi ana athu omwe. Amalowa m'magulu athu a WhatsApp a maliro ndi a chilimba, kuyankhula Chichewa chabwino, kwathu ndi ku Mangochi, kwathu ndi ku Mzimba, achimwene musaope ndine wanu, ife n'kumasuka poti ndi wakwathu. Ndipo enanu mukubwereketsa ma akaunti anu a ku banki, munthu akuti ndalama yanga ilowere kwa iwe ndikupatsa R200. Ndalama yakubayo ikalowa dzina limene lili pa akaunti ndi lako, banki idzatseka akaunti yako, dzina lako likalowa m'kaundula wa anthu achinyengo kutsegula ina kudzavuta, apolisi akamafufuza adzagogoda pa chitseko chako mwini nkhani ali phee kwina. Pasipoti yako unaivutikira, R200 ndi chani. Akaunti imene mphwanga anatumizako ndalama ija, yomwe wogulitsa ankati ndi ya akazi ake, mwina ndi ya wina ngati iwe.

Zikakuchitikirani musagone nazo. Imbirani banki yanu ku nambala ya za chinyengo ola lomwelo, nthawi zina ngati ndalama sinatapidwe amatha kuigwira. Musafufute mameseji chifukwa cha mkwiyo, jambulani zonse, nambala, akaunti, risiti. Kauzeni a webusaiti atseke munthuyo. Pitani ku polisi mukatsegule mlandu akupatseni case number chifukwa banki imaifuna. Ndikudziwa ena mumaopa polisi chifukwa cha nkhani ya mapepala ndipo mbavazo zikudziwanso zimenezo n'chifukwa chake zimatikonda, nde musanagule chinthu chachikulu pemphani m'bale amene mapepala ake ali bwino akuthandizeni kugula mwa njira yake. Ngati wogulitsa mukumudziwa dzina ndi pokhala, Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, ilipo ndipo sipafunika loya. Koma munthu wongomudziwa ndi nambala ya foni samoni mukaipereka kwa ndani?

Mphwanga tinapita naye ku banki Lachitatu m'mawa, anatilandira bwino koma anati ndalama inatapidwa tsiku lomwe inalowa. Case number tili nayo, ili m'Baibulo mwanga. Ku Zomba sanawauzebe, mng'ono wake akumafunsa kuti laputopu ikwera basi iti, ndipo ndamuuza kuti Loweruka ayimbe yekha anene zoona, ine sindimunamira kwa mlongo wanga. Amene muli ndi chinthu mukufuna kugula pa foni mwezi uno, Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndimakhala panja mpaka 1 koloko, bwerani nayo foniyo tione limodzi musanatumize kalikonse.