Hyper 212 singakwanitse mukakweza voteji

Alembi, nkhani yanu ndaikonda, koma pomwe mwanena kuti Cooler Master Hyper 212, chida choziziritsira purosesa ya kompyuta, ndi yokwanira kwa aliyense wofuna kuthamangitsa purosesa kuposa liwiro la kufakitale (zomwe amati overclock), pamenepo ndiye sitikugwirizana. Ili ndi timapaipi tinayi tochotsa kutentha ndi fani imodzi yokha ya 120 mm. Mukangokweza voteji (mphamvu ya magetsi opita ku purosesa) kuti ithamange kwambiri, kutentha kumakwera msanga kuposa liwiro lomwe mwapindula, ndiye kafani kamodziko kamayamba kulira ngati chigayo.

Ine ndingasankhe Thermalright Peerless Assassin 120 SE, yomwe mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa Hyper 212. Ili ndi nsanja ziwiri za zitsulo zotaya kutentha, timapaipi 6 ndi mafani awiri. Poti malo otayira kutentha ndi aakulu, mafaniwo amatha kuzungulira pang'onopang'ono, phokoso n'kuchepa. Noctua NH-D15 ndi yabwino, palibe angatsutse, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Musanagule, yezani kaye kesi (bokosi) ya kompyuta yanu. Peerless Assassin ndi yotalika 155 mm, NH-D15 ndi 165 mm. Komanso fani yakutsogolo imakhala pamwamba penipeni pa RAM (timabolodi ta memore ya kompyuta), ndiye ngati muli ndi RAM zazitali zija zowalawala, mudzafunika kuikweza faniyo, kenako muone chitseko cha kesi chikukana kutsekeka.

Mafani asinthireni liwiro mu BIOS (pulogalamu yosinthira kagwiridwe ka zida yomwe mumalowamo kompyuta ikungoyaka), musangowasiya momwe anabwerera. Ndipo kwa ife akuno kumudzi, overclock yanu muiyese masana a mu Okutobala fumbi litadzaza pa zitsulozo, osati mu Juni kukuzizira.