Anyamata a njinga zothamanga, msewu wa ku Monkey Bay si bwalo lanu

Ana athu, tamvani. Kupalasa njinga kolimbitsa thupi n'kwabwino, ndipo palibe wamkulu amene akukuletsani. Kupikisana nakonso n'kokoma, chifukwa popanda mnzako wokuputa miyendo imachita ulesi. Koma zimene zikuoneka masiku ano pa msewu wa M10, kuchoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, zatikwana. Gulu lonse kudzaza msewu mopingasa, kulowa pa Makawa mitu ili pansi mukulimbirana woyamba, kudutsa pamaliro muli pachishalo, wina mahedifoni ali m'makutu. Mukafunsidwa mumati ndi masewera. Chimenecho n'chibwana, ndipo wokagonekedwa kuchipatala nthawi zambiri amakhala mwana wa eni ake amene sanapikisane ndi aliyense.

Poti ambiri mwa inu munapita kusukulu, tiyeni tiwerengere limodzi. Njinga ikamayenda makilomita 36 pa ola, pa sekondi imodzi yokha yadya mamita 10. Kuti diso lione mbuzi, mutu uganize, chala chifike pa buleki, sekondi imeneyo yatha, ndiye kuti mamita 10 apita musanayambe n'kuima komwe. Komanso liwiro mukaliwirikiza kawiri, mtunda woti muimire umawirikiza kanayi. Tsono ganizani za pa Mpondasi, pa Namiasi kapena pa Makawa m'mawa: wakabaza akutembenuka osacheuka, minibasi yaima mwadzidzidzi kondakitala watsegula chitseko, mayi wasenza beseni la usipa sangapotoloze khosi msanga, kamwana kakuthamangira amake tsidya lina la msewu. Njinga yamoto imamveka ili kutali. Yanuyo ilibe phokoso, imangotulukira. N'chifukwa chake pamsika, pasukulu, pamzikiti ndi patchalitchi mpikisano uzitha. Mzere ukhale umodzi, liwiro lisapose makilomita 20 pa ola, zala zikhale pa mabuleki. Lachisanu masana, anthu akamatuluka ku mapemphero, chepetsani koposa pamenepo.

Mpikisano uli ndi malo ake, ndipo malowo muzigwirizana musananyamuke. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Nenani poyera kuti tiyambira pa mtengo wakuti, tikathera pa chikwangwani chakuti, pamalo owongoka, opanda nyumba m'mbali, pomwe mukuona patali. Ngati galimoto yatulukira kutsogolo kapena kumbuyo, mpikisano wafa, muyambenso. Zoti wina angodzambatuka pakati pa gulu popanda mawu, anzake n'kubalalika pomuthamangira, ndi zimene zimagundanitsa mahandulo.

Ngati mukufunadi kudziwa dolo, wolokani mlatho wa Bakili Muluzi, mutenge msewu wa M3 wopita ku Namwera ndi Chiponde, mukakwere Chowe. Pokwera phiri palibe kubisala kumbuyo kwa mnzako, mphamvu zimaoneka zokha, ndipo liwiro limakhala lochepa moti ngakhale mutagwa mungosupuka chigongono. Wofika pamwamba poyamba adikire mpaka womaliza afike. Kumuseka pang'ono palibe mlandu, ndiye kukoma kwake, koma apatsidwe nthawi yopuma ndi kumwa madzi. Ena inu mumati womaliza akangofika, mwanyamuka. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo munthu wotopa mukamutsitsa phiri asanapume mwamuika pangozi.

Kutsika Chowe ndiye si mpikisano ngakhale pang'ono. Tikudziwa kuti pa Strava, pulogalamu ya pafoni yoyeza maulendo a njinga, pamalembedwa nthawi ya aliyense ndipo mumafuna dzina lanu likhale pamwamba. Foniyo sidziwa kuti pakona pali mchenga umene mvula yakokolola, kapena kuti lole yopita kumalire yadya mbali yanu pokhota. Musanayambe kutsika imani, mufinye mabuleki onse awiri: chogwirira chisafike pa handulo, ndipo timipira ta mabuleki tikhale tidakali ndi mizere yake. Mizere ikafafanizika, timipirato tatha. Onaninso ngati mawilo ali omanga. Mukamatsika, liwiro muzichepetsa musanalowe pakona, njinga idakali chilili. Kufinya buleki mwamphamvu mutapendekeka kale ndiko kumaseleretsa tayala. Pedulo ya mbali yomwe mukukhotera ikhale m'mwamba, mwendo wakunja upondereze pansi, maso ayang'ane kotulukira. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga, choncho musaiope, koma thako libwerere kumbuyo kwa chishalo ndipo muifinye pang'onopang'ono. Yakumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala. China chimene ambiri sadziwa: kugwira mabuleki osasiya kuchoka pamwamba mpaka pansi kumatenthetsa limu, mpweya wa m'chubu umafufuma, chubucho n'kuphulika muli pa liwiro. Finyani, siyani, finyaninso. Limu ikatentha moti simungaigwire ndi chala, imani izizire. A mabuleki a disiki musadzitame, nawonso akatentha kwambiri amasiya kugwira. Pakati pa munthu ndi mnzake pakhale mamita 20 kapena kuposa.

Tibwere ku mzere wa pamsewu wosalala. Woyenda kumbuyo kwa mnzake amabisala ku mphepo, ndipo amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Ubwino umenewu uli ndi mtengo wake. Wilo lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa wilo lakumbuyo la mnzanu, ngakhale ndi chala chimodzi. Iye akangozemba dzenje, mawilo akhudzana, ndipo wogwa ndi inu wakumbuyo, pamodzi ndi onse okutsatirani. Wachilendo asiye mpata wa wilo lathunthu kapena mita imodzi mpaka azolowere. Osayang'ana tayala la mnzanu, yang'anani podutsa phewa lake kuti muone za kutsogolo. Wotsogolera ndiye maso a gulu: aloze dzenje ndi chala, afuule "mchenga", "mbuzi", "tikuima", ndipo mawuwo ayende mpaka kwa womaliza. Womalizayo ndiye onena za galimoto yakumbuyo. Wotsogolera asagwire buleki mwadzidzidzi, ndipo amene akufuna kuimirira pa mapedulo achenjeze kaye, chifukwa poimirira njinga imabwerera m'mbuyo pang'ono. Kutsogolo khalani mphindi imodzi kapena ziwiri, cheukani, patukani, anzanu adutse. Kukakamira kutsogolo n'kumawonjezera liwiro kuti muthyole anzanu pa tsiku lomwe munagwirizana kuyenda limodzi n'kudzikonda.

Nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imakukankhani popita ku Monkey Bay, n'kumadziona ngati akatswiri. Makilomita opitirira 60 omwewo pobwerera mumalimbana nayo maso ndi maso, ndiye sungani mphamvu. Ikamawomba cham'mbali, gulu limafuna kuyala mopingasa mpaka pa mzere wapakati. Ayi. Kuno timayenda kumanzere, ndipo mzere wapakati sawoloka. Gawikanani timagulu ta anthu atatu kapena anayi. Za kugwira lole kumbuyo kapena kubisala kumsana kwa basi sitikambirana n'komwe: dalaivala sakukuonani, dzenje simuliona, ndipo mabuleki ake amaposa anu.

Tsopano za m'tinjira ta m'midzi, kumene ena mwayamba kulowa ndi njinga za matayala akuluakulu. Kanjira kaja sikanapangidwire inu. N'kopita ku mjigo, kudimba, kudoko, kumanda. Woyenda pansi ndiye mwini wake. Mukaona munthu kutsogolo, chepetsani mudakali kutali, imbani belu kamodzi kapena nenani "odi", mudikire aone kolowera. Kufuula muli kale pamsana pake kumamudzidzimutsa, ndipo munthu wodzidzimuka amalumphira komwe mukudutsako. Wosenza mtolo wa nkhuni kapena ndowa musamukakamize kupatuka, patukani ndinu. Mukadutsa, "zikomo amayi", "wawa bambo". Kodi mawu awiriwa amakuchedwetsani masekondi angati? Mukakumana okhaokha pa kanjira kopapatiza, wotsika apatukire wokwera, chifukwa wokwera akaima kuyambanso n'kovuta. Pabwalo la nyumba ya munthu, pomwe ayanika ufa kapena nsomba, sipodutsa. M'mizere ya munda musadulemo njira, ndipo ng'ombe muzizidutsa pang'onopang'ono, mosiya mpata.

Masamba kapena nthambi zoikidwa pamsewu muzizilemekeza. Pamsewu waukulu mwina kutsogolo kwafa galimoto, mwina pali maliro. Zonse ziwiri zikutanthauza kuchepetsa liwiro. Ngati ndi maliro, tsikani, yendetsani njinga pamanja, nyimbo zimitsani, mukakwere mutadutsa masamba a mbali inayo. Wakabaza amene ali pa ntchito yopezera chakudya amatsika, nanga inu oyenda kokasangalala mukuthamangira kuti? Ndipo poti zovala zanuzo n'zothina, kabudula wamba wovala pamwamba salemera. Muvaleni mukamaima pamsika kapena kulowa pamudzi.

Pa msewu wolowera ku Cape Maclear, makilomita pafupifupi 18 aja odutsa m'nkhalango ya Lake Malawi National Park, muli m'malo otetezedwa kuyambira 1980. Msewu ndi wopapatiza, wamakona, ndipo anyani amakhala pamsewu penipeni. Musawaponyere nthochi, mukuwaphunzitsa kulanda. Mapepala a masikono, mabotolo ndi machubu otha zibwerere m'thumba mwanu.

Dzuwa la ku Mangochi lisakupusitseni. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo phula limatentha kuposa pamenepo. Nyamukani kukangoyera, pofika 10 koloko mukhale mutabwerako. Imwani botolo limodzi la mamililita 500 mpaka 750 pa ola lililonse, pang'onopang'ono, osadikira ludzu. Thukuta limatulutsa mchere, choncho botolo lachiwiri likhale la Thanzi, kapena sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Ulendo ukapitirira ola limodzi ndi theka, idyani kanthu: nthochi, mbatata yophika, chitumbuwa. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kuyenda mokhotakhota, kumva tsembwe dzuwa likuswa mtengo, mpikisano watha pomwepo. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, mufune galimoto yopita kuchipatala. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Ndipo zokadziziziritsa mu Shire kapena m'mabango a m'mbali mwa nyanja muiwale. Muli ng'ona, muli mvuu, muli likodzo.

Njinga nayonso muziisamala, chifukwa kusasamala kwa mmodzi kumaimitsa gulu lonse padzuwa. Popani matayala m'mawa uliwonse wa ulendo. Tayala la mamilimita 25 m'lifupi kwa munthu wa makilogalamu 70 limafuna pakati pa 80 ndi 90 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya pa geji ya pampu), la mamilimita 28 cha m'ma 70. Likafewa, mukagunda mphepete mwa dzenje limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Likauma mopitirira, njinga imadumphadumpha ndipo siigwira pansi pokhota. Aliyense anyamule chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, zotsegulira tayala ziwiri ndi pampu. Musadalire okonza njinga a m'mbali mwa msewu pa chubu cha 700c (saizi ya mawilo a njinga zothamanga) cha valavu yopyapyala ija, chifukwa ambiri amasunga za njinga za kabaza. Musanaike chubu chatsopano, yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala monse, munga umene unaboola choyamba umakhala udakalimo. Tcheni muzichithira mafuta pang'ono n'kupukuta ndi nsanza, poti mafuta ochuluka amakoka mchenga wa kuno, mchengawo n'kumadya tcheni ndi magiya.

Helemeti ikhale pamphumi, mpata wa zala ziwiri pamwamba pa nsidze, lamba womanga moti pansi pa chibwano palowe chala chimodzi kapena ziwiri. Yolendewera pa handulo kapena yokhala kunkhongo siteteza kanthu. Ikamenyeka kamodzi pangozi yatha ntchito, ngakhale kunja ikuoneka bwino. Ngati munyamuka kusanache, nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo.

Ngozi ikachitika, mmodzi athamangire kumbuyo kukaimitsa magalimoto, wina kutsogolo. Wovulala akamadandaula khosi kapena msana, kapena manja ndi miyendo zachita dzanzi, musamudzutse, musamukoke helemeti, mugwireni mutu usagwedezeke. Potuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera. Amene wamenyetsa mutu, ngakhale adzuke n'kumaseka, asakwerenso njinga tsiku limenelo, apite akamuone kuchipatala cha boma ku Mangochi kapena ku Monkey Bay, komwe kuli pafupi. Ngati mwagunda munthu kapena chiweto, imani, thandizani, funani eni ake kapena amfumu, ndipo munthu akavulala a polisi adziwe. Kuti zonsezi zitheke, musananyamuke sankhani mmodzi wodziwa msewu woti aziyenda kumapeto, foni yake ili ndi moto ndi mayunitsi, ali ndi nambala ya wachibale wa aliyense komanso ya munthu wa galimoto amene angabwere mukamuitana.