Inu a khonsolo, mtaya wakale mukuudula mapoloti?

Sabata yatha ndaona zonyansa. Pamalo pomwe magalimoto a khonsolo ankakhuthula zinyalala kwa zaka zambirimbiri, lero pakhomedwa zikhomo ndipo anthu akukumba maziko a nyumba. Mnyamata akaponya fosholo, zikutuluka ndi majumbo osawola, mabotolo osweka, mabatire otupa ndi majakisoni ali ndi singano zake. Pansi pa dzenje pakudikha madzi akuda bii, fungo lake ngati dzira lowola. Mwini poloti wayima pambali akumwetulira, m'manja muli chikalata chokhala ndi chidindo cha khonsolo. Poloti yoyandikana nayo wina wayamba kale kukumba chitsime. Chitsime, pamtaya!

Kodi inu akuluakulu a khonsolo, mitu yanu ikuyenda bwino? Zinyalalazo munataya ndinu. Madalaivala munkawalipira ndinu, mafuta munkagula ndinu, mapu osonyeza pomwe mtaya unayambira ndi pomwe unathera ali m'makabati mwanu. Lero mwathira dothi pamwamba, udzu wamera, ndiye mukuti poizoni wasamuka? Wapita kuti? Amene anasaina zikalata zija sanamve fungo? Kapena anasainira muofesi, nsapato zake osaziponda n'komwe pamalopo?

Zinyalala zokwiriridwa sizigona tulo. Zimawola pang'onopang'ono, n'kumatulutsa mpweya wa methane kwa zaka makumimakumi. Mpweyawo ulibe mtundu, ulibe fungo lakelake, umayenda m'ming'alu ya nthaka n'kukadzaza pansi pa simenti ya nyumba. Ukakwana magawo 5 mpaka 15 pa 100 aliwonse a mpweya wa m'chipinda, kamtengo kamodzi ka machesi kakwanira. Ku Loscoe m'dziko la England, m'chaka cha 1986, nyumba inaphulika n'kuphwasukiratu chifukwa cha mpweya wochokera kumtaya woyandikana nawo, ndipo anthu atatu anavulala. Nyumba imeneyo inali pambali chabe. Inu mukumangitsa anthu pamwamba penipeni. Nanga pomwe zinyalala zikuwola nthaka n'kumatitimira, makoma ang'ambika, mudzati womanga ndiye sadziwa ntchito?

Musanamizire kuti n'zachilendo. Ku Love Canal, mumzinda wa Niagara Falls ku America, kampani ya Hooker Chemical inakwirira matani pafupifupi 21,000 a zinyalala za mankhwala. Mu 1953 inagulitsa malowo kwa oyang'anira sukulu za mumzindamo pa mtengo wa dola imodzi, ndipo m'chikalata chogulitsira munalembedwa kuti pansipo pali mankhwala. Chenjezo linalipo, lolembedwa. Akuluakuluwo anamangabe sukulu, ana n'kumasewera pamwamba pa migolo ya poizoni, nyumba n'kuzungulira. Mankhwala anayamba kutumphukira m'mabwalo ndi m'zipinda zapansi, mpaka mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter analengeza kuti malowo agwa pangozi ndipo mabanja mazanamazana anasamutsidwa. Taonani bwino: amene anamanga pamenepo sanali mbuli. Anali anthu a maofesi ngati inu, okonda malo otsika mtengo ngati inu.

Ndipo mukaganiza kuti mudzasamba m'manja, funsani za khonsolo ya Corby, ku England komweko. Pokonza malo a fakitale yakale ya zitsulo, inkanyamula dothi lapoizoni m'malole osaphimba, fumbi n'kumauluka m'tauni monse. Ana ena anabadwa ndi manja ndi mapazi olumala. Mu 2009 khothi lalikulu ku London linagamula kuti khonsoloyo inachita zinthu mosasamala, ndipo mu 2010 inagwirizana ndi mabanjawo zowalipira. Zinatenga zaka, anawo atakula kale, koma mlandu unaipeza khonsoloyo. Ndalama zinabwezera mwana uti zala?

Za mitaya yogumuka ndiye sindichedwapo, mumazimva nokha pa wailesi. Koshe ku Addis Ababa mu 2017, anthu oposa 100 anakwiriridwa. Hulene ku Maputo mu 2018. Kiteezi ku Kampala mu 2024, anthu oposa 30. Konseko akuluakulu anafika ngozi itachitika, atavala nkhope zachisoni pamaso pa makamera. Anthuwo asanafe, akuluakuluwo anali kuti?

Nanunso ogula, sindikusiyani. Safunsa anadya phula. Poloti yatsika mtengo kuposa zonse za m'deralo, inu osadabwa? Akuluakulu okhala pafupi akukuuzani kuti apa panali mtaya, inu mukuti ndi nsanje. Mwaona nokha zomwe fosholo yatulutsa, mukuti tidzathira simenti. Simenti idzatchinga madzi a m'chitsime? Mvula ikagwa imasefa zonse zili m'katimo, asidi wa mabatire, mtovu, oyilo wakutha, mankhwala otha ntchito, n'kuzitsitsira kumadzi omwe mukufuna kumwetsa ana anu. Kuwiritsa kumapha tizilombo, sikuchotsa mtovu. Ndipo mtovu ukalowa m'magazi a mwana umawononga ubongo, sizibwereranso. Mwana azidzalephera m'kalasi, inu n'kumamukalipira kuti ndi waulesi, osadziwa kuti munamumwetsa ndinu. Ena ndiye mwalima kale masamba pamenepo, mukunyadira kuti akubiriwira popanda feteleza. Akubiriwira ndi chiyani? Mukugulitsa kwa yani?

Komabe wogula ndi munthu wosowa pokhala, ndipo amakhulupirira chidindo. Akaona khonsolo yavomereza, amati ndiye kuti akatswiri ayeza. Mlandu waukulu uli ndi inu okhala ndi chidindocho. Malo mumagawa ndinu, mapulani a nyumba mumavomereza ndinu, a zaumoyo oyendera m'madera ndi anu, msonkho mumatolera osaphonya mwezi. Munthu akamanga khonde popanda chilolezo mumafika m'mawa ndi utoto wofiira. Nanga mtaya wonse ukusanduka mudzi, maso anu agwira khungu? Makhansala inu, amene mumadziwa khomo lililonse nthawi ya chisankho, njira ya kumtaya yokha ndiye mwayiiwala?

Munayezapo madzi a m'zitsime zozungulira liti? Zotsatira zake zili kuti? Mndandanda wa mitaya yakale, woti munthu aone asanagule malo, munaupachika pati? Mpanda ulibe, chikwangwani chochenjeza palibe, mapaipi otulutsa mpweya palibe, ngalande yokokera madzi akudawo palibe. Ana akutola majakisoni n'kumathirana madzi. Tikafunsa mukuti zinachitika ife tisanabwere, aja anapuma pantchito, fayilo inasowa. Anapuma ndi munthu, khonsolo sinapume. Mipando munailandira, magalimoto munawalandira, mtaya wokha ndiye mukuukana?

Lekani kugawa malowo lero, amene analipira muwabwezere ndalama zawo kapena muwapatse malo ena, zitsime zitsekedwe. Ndipo za "tilibe ndalama" musatiuze. Za mapoloti munadziwa kulandira, za mpanda wokha ndiye zasowa? Manyazi mulibe!