Musamunene mphwanga kuti wanyada

Sabata yatha tinali pamaliro a azakhali ku Domué. Usiku, amuna titakhala pamoto panja, nkhani inafika pa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, uja amayendetsa ndege ku Joni. Wina anati, "Munthu ndege ili m'manja, walephera bwanji kubwera kudzaika agogo ake?" Wina n'kuwonjezera kuti chipepeso chomwe anatumiza chachepa kuposa cha mphunzitsi wa ku Tsangano. Ndinangoti duu, poti pasiwa si pokanganirana. Koma zandikhala pakhosi, ndiye ndilembe pano kuti amene munalipo muwerenge.

Choyamba, ndege si yake. Komanso sayendetsa za kampani yathu ya ndege ya LAM zija zokhala ndi tsiku ndi ola lodziwika. Zake ndi tijeti tonyamula anthu 7 kapena 8, tomwe kampani kapena munthu wachuma amachita hayala, monga momwe ife timachitira hayala lole yonyamula mbatata kupita ku Tete. Nonse mukudziwa kuti dalaivala wa lole ya hayala sanyamuka pamene wafunira. Amadikira mwini mbatata. Mwini mbatata akachedwa kumunda, iye amagona m'galimoto. Ndi momwemonso mphwanga, kungoti iye amavala malaya oyera okhala ndi mizere paphewa.

Ndinaziona ndi maso anga. Tsiku lina mu Novembala anandiimbira foni: "Malume, mawa nditera pabwalo la ndege la Chingodzi ku Tete, bwerani mudzandione." Ndinalawira m'bandakucha pa chapa kuchokera ku Ulongué, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, mtima uli m'mwamba, nditavala jekete langa la kutchalitchi. Anatera cha m'ma 9 koloko atanyamula mabwana opita kumgodi. Ndili pawindo ndinamuona akutsitsa zikwama za anthuwo yekha, thukuta lili kamukamu. Iwo atakwera galimoto zawo zozizira, iye anabwerera m'ndege kukatola makapu ndi kupukuta mipando. Kenako anaima pambali pa galimoto ya mafuta mpaka anamaliza kuthira, n'kulowa mu ofesi ndi mapepala a ulendo wobwerera. Atatuluka tinadya buledi ndi Fanta. Jekete lija ndinali nditavula kalekale.

Mabwana ananena kuti abwera 2 koloko. Inakwana 3, inakwana 4. Mphwanga ankangoyang'ana wotchi, ine n'kumaganiza kuti ndi njala. Anandifotokozera kuti lamulo limaika malire a maola omwe woyendetsa ndege angakhale pantchito tsiku limodzi, ndipo maolawo amayamba kuwerengedwa pomwe wafika pabwalo m'mawa, osati pomwe wanyamuka. Akapitirira, afunika kugona pomwepo. Anandiuzanso za kutentha kwathu kwa ku Tete, komwe miyezi imeneyi kumadutsa madigiri 40. Mpweya ukatentha umapepuka, injini imachepa mphamvu, mapiko sagwira bwino, ndiye ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke, apo ayi muchepetse katundu. Nanga bwana akabwera ndi mnzake wina yemwe sanali pamndandanda, kuphatikizapo bokosi la miyala yokayeza, ndani amuuze kuti bokosilo litsale? Mawu omwe ananena sindidzawaiwala. Anati, "Malume, kuulutsa ndege sikuvuta. Chovuta ndi kuuza munthu yemwe walipira ndege yonse kuti lero sitinyamuka."

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Woyendetsa ndege ya LAM kapena Airlink akakana kunyamuka chifukwa cha mvula, amalengeza pamaikolofoni, anthu n'kung'ung'udza, basi. Wa hayala amamuyang'ana bwanayo m'maso, ndipo amadziwa kuti bwanayo ali ndi nambala ya mwini kampani m'foni mwake. Kumene mphwanga amagwira, malipiro a pamwezi ndi ochepa, zambiri zimabwera malinga ndi maulendo omwe wauluka. Ndiye ulendo uliwonse womwe wakana ndi ndalama yomwe yachoka m'thumba mwake. Ine dongosolo limenelo ndimadana nalo. Munthu yemwe akuyeza mitambo asamakhale akuwerengeranso lendi m'mutu. Chichokereni pa 10 Juni 2024, pomwe ndege ija inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kuli chifunga, n'kupha a Saulos Chilima, omwe anali wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi, ndi ena 8, mtima wanga sukhala m'malo ndikamva kuti nyengo yaipa. Inali ndege ya asilikali, osati ya hayala, ndipo sindikuweruza omwe anatisiya. Ndikungonena kuti mtambo sudziwa udindo wa yemwe wakwera.

Tsono za ndalama zomwe mukuti amabisa. Mlongo wanga ndi alamu anagulitsa ng'ombe 14 ndi dimba la kudambo, sizinakwane, anakongolanso kwa abale a ku Beira. Izo zinangomufikitsa pa layisensi yololeza kugwira ntchito yolipidwa, yomwe imafuna maola pafupifupi 200 a mumlengalenga. Tinavina tsiku limenelo poganiza kuti zatha. Sitinadziwe kuti layisensi yaikulu, yomwe imamulola munthu kukhala kapitawo wa ndege za makampani akuluakulu, imafuna maola 1,500. Pakati pa 200 ndi 1,500 ndi pomwe ana ambiri amagwera. Ola lililonse ukamadzilipirira ndi ndalama yoti ungagulire matumba angapo a feteleza, ndipo kampani ya jeti sifuna munthu wa maola ochepa.

Mphwanga anapita ku Maun, ku Botswana, monga amachitira anzake ambiri, kukagogoda m'maofesi a makampani onyamula alendo okaona nyama ku Okavango. Anakhala miyezi akugona m'tenti asanalembedwe. Kumeneko anayendetsa ti Cessna ta injini imodzi, kutera m'mabwalo a fumbi, mpaka maola anachuluka. Atapeza ntchito ya jeti pabwalo la ndege la Lanseria ku Joni, panabukanso china: mtundu uliwonse wa jeti uli ndi maphunziro ake ndi chiphaso chake. Kampani inamulipirira, koma anasayina kuti akachoka zaka zomwe anagwirizana zisanathe, abweza ndalamazo. Ndiye kuthawa sangathawe, ngakhale atamva kuti kwina kuli bwino. Ngongole ya ku Beira nayo ikumudikira mwezi uliwonse. Chipepeso chija chinachokera pazotsala.

Za kulephera kubwera, masiku ambiri iye amakhala pakhomo koma ali pantchito. Foni ikhale yoyaka, chikwama chikhale chopakira, asamwe ngakhale kamodzi, asapite kutali ndi bwalo. Ikhoza kulira 3 koloko usiku kuti pali wodwala wofunika kukamutenga ku Pemba, ikhozanso kukhala chete masiku 5. Uthenga wa maliro unamupeza ku Lubumbashi akudikira anthu omwe msonkhano wawo unatalika. Akanawasiya?

Sindikufuna kuti ntchitoyi ioneke ngati ndende. Mnyamatayu amaikonda. Watera m'mabwalo omwe anzake a ndege zikuluzikulu sadzawaona, amakonza ulendo yekha kuyambira mafuta mpaka zilolezo zodutsa m'mayiko, ndipo akadzakhala kumpando wa kumanzere, wa kapitawo, malipiro adzasintha ndithu. Ena akakwanitsa maola amalowera ku Ethiopian, Qatar kapena Emirates, komwe ndandanda ya mwezi umaidziwiratu. Kungoti jeti za hayala siziuluka tsiku ndi tsiku, ndiye maolawo amadontha pang'onopang'ono. Kwathu kuno mipata ndi yochepa, LAM ili ndi ndege zowerengeka.

Komanso ife a ku Tete tisaiwale zomwe tinaona ndi malasha. Cha m'ma 2011, kampani ya Vale itayamba kutumiza malasha a ku Moatize kunja ndipo kampani ya Rio Tinto itagula mgodi wa Benga, ku Chingodzi kunkatera tindege tosiyanasiyana, nyumba za lendi mumzinda zinakwera mtengo osati masewera. Pofika 2014 Rio Tinto inagulitsa pamtengo wa madola 50 miliyoni chinthu chomwe inagula ndi madola oposa 3 biliyoni. Vale nayo inalengeza kumapeto kwa 2021 kuti ikugulitsa mgodi wake kwa Vulcan. Ku Cabo Delgado, kampani ya Total inaimitsa ntchito ya gasi mu 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma. Kampani ikayamba kuchepetsa ndalama, choyamba kudulidwa ndi jeti ya mabwana, iwo n'kuyamba kugula matikiti ngati tonsefe. Woyendetsa uja amangouzidwa kuti adikire kaye kunyumba. Onjezerani apo kuti chaka chilichonse amakayezedwa maso, makutu ndi mtima. Dokotala akangopeza vuto la shuga kapena kuthamanga kwa magazi, akhoza kumuimitsa, ngongole isanathe.

Pamaliro pomwepo bambo wina wa ku Furancungo anandikokera pambali kuti mwana wake naye akufuna za ndege, ndimulumikize ndi mphwanga. Ndinamufunsa ngati mwanayo amalankhula Chingelezi, chifukwa pawailesi ya ndege zodutsa mayiko Chipwitikizi sichikwanira, pali mayeso ake a chilankhulo omwe ayenera kukhoza. (Apa ana athu a m'malire, omwe anakula akumvera wailesi za ku Malawi ndi kugula zinthu pa Lizulu, ali ndi mwayi kuposa a ku Maputo.) Ndinamufunsanso ngati ng'ombe zikatha pa maola 200, pali china chogulitsa. Anaseka, n'kunena kuti mwana akangoyamba ntchito abweza zonse chaka chimodzi. Ndinamuuza kuti mawu amenewo asadzawanene mwanayo akumva. Kampani ikumukankha kuti auluke, bwana wa hayala akumukankha, ndiye ifenso kumudzi tizimuimbira foni tsiku lililonse kuti denga likudontha? Tsiku lomwe adzaime pabwalo mitambo itada, akuganiza zokana kapena kunyamuka, sindikufuna kuti mawu a malume ake akhale m'gulu la omuuza kuti nyamuka.

Dzulo anandiimbira. Wapempha kale tchuthi kuti adzakhalepo pomanga chiliza cha agogo ake mu Ogasiti, ngati mnzake wosinthana naye sadwala. Ndamuuza kuti adzatsikire ku Lilongwe, n'kufupi kuposa ku Chingodzi, ine ndikamuchingamira pachipata cha m'malire cha Calómuè. Tikiti agula yekha, ndipo akuti akuyang'ana yotsika mtengo ya pakati pa sabata.