Buku lochokera kumudzi si chotchingira mwendo wa tebulo

Ana anga a kuno ku Joni, lero ndilankhula, wokwiya akwiye.

Loweruka lapitali ndinapita ku Rosettenville kukazonda mnyamata wa kumpingo kwathu amene akudwala chifuwa. Kachipinda kake ndi komwe mukukadziwa kale: bedi, sitovu, ndowa, basi. Pokhala pansi maso anga anagwera pa mwendo wa tebulo. Mwendowo ndi waufupi, ndiye mwana wa eni anaikapo buku kuti tebulo lisamagwedere. Buku la nyimbo za kutchalitchi, chikuto chonse nonino mafuta ophikira. Ndinalisolola. Patsamba loyamba pali zilembo zopendama za munthu amene sukulu sanapite nayo patali: "Mwana wanga, ukatisowa uziimba." Mayi ake ndiwo analemba. Mayiwotu anatisiya chaka chatha, ndipo iyeyu mwambo wa maliro anaonera pa foni.

Ndinangoti kakasi, mwano ndinaumeza poti ndi wodwala.

Kodi mumaganizako mtunda umene buku limayenda kuti likupezeni? Mayi agulitse ndowa ya mtedza, akwere minibasi mpaka ku Blantyre, agule, alikulunge m'chitenje n'kulilowetsa pakati pa usipa ndi mpunga wa Kilombero. Apemphe wapaulendo, mwina amupatsenso ya fanta. Lidutse pa Mwanza, liwoloke Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, ligone pamzere pa Beitbridge, kenako Park Station. Inu kukalandira katoni mumathamanga ngati kwagwa njovu. Usipa sutha sabata. Buku ndiye mwaponya pansi pa bedi, mvula ya matalala ya mu Disembala ikadontha padenga, lafufuma ngati chitumbuwa.

Ena ndamva mukung'amba masamba kupichirira fodya. Ena posamuka usiku kuthawa lendi mumanyamula sipika, mabuku n'kusiyira mwini nyumba kuti akataye. Manyazi mulibe kodi?

Amalume anga anabwera kuno pa Theba, kumigodi. Anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa ulendowu mu 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. M'sutikesi mwawo munali bulangete, wailesi, ndi Baibulo lomwe agogo anawapatsa popita, atalikutira ndi pepala la simenti. Zaka zonsezo m'komboni, tsamba ngakhale limodzi losathothoka. Ife ana tinaphunzirira kuwerenga m'menemo.

Musandiuze zoti zonse zili mu foni. Ndi angati mwa inu amene foni yawo sinatsomphoredwepo m'tauni muno? Ndipo dzanja la mayi anu mulipeza pa intaneti?

Inunso amayi a ana, sindikusiyani. Agogo atumiza timabuku ta Chichewa ta sitandade 1 kuti zidzukulu zisataye chilankhulo, inu mwatsekera m'chikwama pamwamba pa wodilopu. Mwana Chizulu ndi Chingerezi ali thethethe, koma agogo akaimba foni n'kumufunsa kuti "wadzuka bwanji", amangoyang'ana inu kumaso. Agogo kumudziko amadula foni n'kukhala chete pakhonde. Mphindi khumi zokha madzulo, nsima ili pamoto, simungamuwerengere tsamba limodzi?

Buku lija ndinalitenga. Ndalipukuta, ndaliyanika pawindo, ndamata msana wake ndi selotepi. Pa mwendo wa tebulo ndinapindirapo katoni. Mwini wake akudzidziwa. Ukachira, mwana wanga, ubwere kwathu Lamulungu tikaweruka, udzaimbe nyimbo imene mayi ako anapinda tsamba, kenako ulitenge.