Tomato wofewa uja musamataye, ku Spain ndi kadzutsa

Anzanga, dzulo madzulo ndili pamsika ndinaona mayi wina wogulitsa akusankha tomato wofewa mu dengu n'kumamuika pambali, akuti ameneyo anthu sagula, mwina apereke wa prize kapena angotaya basi. Mtima unandipweteka ndithu, ndinagula mulu wonsewo, ndipo m'mawa uno ndi amene tadya ine ndi ana. Ndiye ndati ndilembe kaye ndisananyamuke chifukwa nkhani ya tomato ameneyu imandikhudza kwambiri.

Ndinakhalako kusukulu ku Barcelona, mzinda wa m'chigawo cha Catalonia ku Spain, ndipo nyumba imene ndinkachita lendi inali ya agogo ena achikazi achi Catalan. Tsiku loyamba kundiitana kuti tidye limodzi anatenga buledi wolimba gwa wadzana, anamudula, anamuwamba, kenako anatenga adyo kambewu kamodzi n'kukwecha pabuledipo, n'kudula tomato pakati n'kumukwechanso pomwepo mpaka m'manja mwawo munangotsala khungu lokha. Kamchere pang'ono, mafuta a olivi pamwamba, basi kwatha. Ine ndinkadikirabe kuti mwina kukubwera dzira kapena soseji koma ayi ndithu, chakudyacho chinali chomwecho. Nditaluma ndinangoti zii, kunja khirichi khirichi mkati mofewa, tomato kukoma ngati wathiridwa shuga, adyo akungomveka patali. Iwo amati pa amb tomàquet m'chilankhulo chawo cha Catalan, madera ena a Spain amati pan con tomate, tanthauzo lake ndi lomwelo, buledi ndi tomato.

Chimene ndikufuna munve ndi ichi, chakudya chimenechi si cha anthu olemera ngakhale masiku ano mumachipeza m'malesitilanti odula. Ndi nzeru za alimi akumudzi amene ankaphika buledi wamkulu wozungulira, amamutcha pa de pagès, woti adye masiku angapo, ndiye akauma m'malo motaya ankamufewetsa ndi madzi a tomato. Tomato mwini wakeyo si wa ku Spain, anachokera ku America, anabwera ndi zombo za anthu a ku Spain atalanda Mexico m'zaka za m'ma 1500, ngakhale dzina lakelo linachokera ku mawu a chi Nahuatl, chilankhulo cha eni nthaka a ku Mexico, oti tomatl. Ndiye onani, chinthu chobwera anachisandutsa chawo mpaka lero munthu wa ku Catalonia ukamupatsa sangweji ya buledi wosakwecha tomato amaona ngati wamumana china chake.

Ife kwathu tomato timamudziwa ngati wa ndiwo basi. Wa mu nyemba, wa mu usipa, wa mu chigwada, akakhala wosaphika ndiye kachumbali wa pa chiwaya cha chipisi. Ukauza munthu kuti ndadya buledi ndi tomato wosaphika amakuyang'ana ngati zinthu zavuta panyumba. Koma tikamadutsa pa Lizulu kapena misika ya ku Ntcheu ndi Dedza nthawi yoti tomato wachuluka timaona tokha mmene amaonongekera m'madengu, alimi avutika kuthirira kudimba miyezi yonse ija kenako theka likuwolera pamsewu. Sindikunena kuti kadzutsa mmodzi athetsa zimenezo ayi, koma panyumba panga tomato wakupsa kwambiri sapitanso kudzala.

Kapangidwe kake nayu mmene ndimachitira ine kuno. Buledi ndiye nkhani yaikulu. Wofewa wa masilayisi uja amavuta, ukangomukwecha amang'ambika n'kusanduka phala, ndiye pezani wolimbirako, wa khungu lokhuthala, wautali uja ena amati wachifalansa kapena mabanzi olimba a kubekale, ndipo akagona tsiku limodzi ndiye bwino kwambiri. Ngati muli ndi wamasilayisi yekhayo musadandaule, muwambeni nthawi yaitali pamoto wochepa mpaka aume bwinobwino. Tosta sikufunika, ine ndimaika pa felempani youma popanda mafuta, magetsi akazima ndimaika kawaya pambaula makala atayaka bwino opanda utsi, ndipo wapambaulayo ndi amene amakoma kuposa onse, kafungo ka moto kaja kamagwirizana ndi tomato modabwitsa.

Adyo musachulutse chonde. Kukwecha kawiri katatu mopepuka buledi akadali wotentha, basi. Ndinaonapo wina akusinja adyo mu mtondo n'kupaka ngati majarini, zimenezo zimapha kukoma kwa tomato yense ndipo tsiku lonse anzanu mu minibasi avutika. Ku Spain komweko ambiri m'mawa adyo samuika n'komwe.

Tsopano pa tomato pali mkangano umene a ku Spain eni ake sanaumalize. A ku Catalonia amati tomato amakwechedwa pabuledi, ndipo ali ndi mtundu wake wapadera, tomàquet de penjar, timatomato tating'ono timene amatimanga pachingwe n'kupachika kuti tikhale miyezi, mkati mwake ndi madzi okhaokha. Kumwera ku Andalucía ndi ku Madrid ukaitanitsa tostada con tomate mu bala m'mawa amakubweretsera tomato wopalapala kale m'kambale kapena atamupaka kale, iwe n'kuthira wekha mafuta, pambali khofi wamkaka. Agogo anga aja akanamva kuti ndikunena izi akanakhumudwa, koma ine kuno ndili mbali ya akumwera. Chifukwa chake n'choti tomato wambiri amene timagula m'misika yathu ndi wolimba uja wopirira ulendo wa pa lole, ukamukwecha satulutsa madzi okwanira, umangomaliza buledi. Ndiye ndimamudula pakati, ndimamupala pa kachitsulo kamanomano kaja timapalira karoti, mbali ya mabowo akuluakulu, khungu limatsala m'dzanja. Ndikapeza wofewa weniweni ngati wa dzulo uja ndiye ndimakwecha mwachi Catalan, ndipo ndimawakumbuka agogo aja.

Blenda ayi. Imamusandutsa thovu lotuwa ngati juwisi. Firiji nayonso ayi, tomato wa mufiriji amataya fungo, musiyeni pa tebulo apse yekha. Ndipo pakani nthawi yomwe mukudyayo, mukapaka n'kupita kukasamba mupeza buledi atanyowa.

Mafuta ndi pamene ndikudziwa kuti ambiri mundifunsa. Inde mafuta a olivi ndi odula, kuno amachita kuitanitsa kunja, ngakhale ku Spain komwe kumapangidwa mafuta amenewa ochuluka kuposa dziko lina lililonse mtengo unakwera koopsa mu 2023 chifukwa cha chilala, anthu ankadandaula ngati mmene ife timadandaulira feteleza. Chigawo cha Jaén ku Andalucía ukamadutsa ndi mitengo ya olivi yokhayokha mpaka kumene maso alekezera, ndipo pokondwerera tsiku la Andalucía, lomwe limakhala pa 28 February, masukulu ambiri kumeneko amakonzera ana buledi wothira mafuta amenewa, ndiye mutha kuona mmene amawalemekezera. Maganizo anga ndi oti ngati mungathe gulani kabotolo kakang'ono kolembedwa extra virgin, musakazingire chilichonse, kasungireni zimenezi zokha pamalo opanda dzuwa, kasupuni kamodzi pa buledi aliyense kamakwana ndipo kabotoloko kamakhalitsa. Mafuta ophikira wambawa musathire, alibe fungo ndipo osaphika amangomata m'kamwa. Ngati palibiretu ndi bwino kudya buledi ndi tomato ndi mchere basi, kapena kuikapo kapeyala nyengo yake, ngakhale pamenepo tisanamizane kuti ndi cha ku Spain, chasanduka chathu.

Ena kumeneko amaika jamón pamwamba, nyama ya nkhumba youmitsa yodula mopyapyala, ena tchizi. Zimakoma koma sizofunikira, ndipo ndimaona kuti anthu akangoyamba kuwonjezera anyezi, mayonezi, tsabola, masamba, amakhala akubisa tomato wosapsa.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi ana. Wamng'onoyu tomato wa mu ndiwo amamusankha n'kuika pambali pa mbale, koma uyu amapala yekha, amathira yekha mchere, m'mawa uno wadya mabanzi awiri ndi tiyi. Mayi anga atabwera kudzacheza mwezi watha poyamba anakana, anati mwanawe tomato wosaphika m'mawa ngati ndine mbuzi, ndinawapempha kuti angolawa kamodzi kokha. Anadya osayankhula, mawa lake ndinawapeza ayatsa kale mbaula akufunsa kuti kachitsulo kopalira kaja ndaika pati. Popita kumudzi anatenga kabotolo kanga ka mafuta, ndiye Loweruka ndikagule kena.