Inu okuwa "dumpha" ndi foni m'manja, malirowo mudzanyamula nawo?

Loweruka lapitali ndinaperekeza adzukulu anga awiri ku Likhubula kuti akaone Dziwe la Nkhalamba, poti anabwera kutchuthi ndipo phiri la Mulanje amangoliona pa kalendala. Zimene ndinakaona kumeneko zandisowetsa tulo mpaka lero. Mnyamata wina, ndevu zongoyamba kumera, anakwera pathanthwe la pamwamba, botolo la mowa atangolimaliza kumene. Kuphiri mvula inali itagwa usiku wonse, madzi ali bii, ozizira ngati a mufiriji. Pansi anzake oposa khumi, aliyense foni m'mwamba, kukuwa kuti "Dumpha, mwamuna! Dumpha!" Ndinamuona ndi maso angawa, miyendo ikunjenjemera. Anabwerera m'mbuyo kawiri. Atsikana atayamba kululutira, anadziponya.

Anavuuka patapita kanthawi, akutsokomola, maso ali psuu. Nditawadzudzula, mmodzi anandiyankha akuseka kuti, "Agogo, ameneyu ndi chibadwa chake, saopa kanthu." Saopa kanthu? Nanga miyendo ija imanjenjemera ndi chiyani, nyimbo?

Za chibadwa sindikukana ayi. Ndalera ana asanu ndi mmodzi, mimba imodzi, nsima imodzi, koma wachitatu ankakwera mtengo wa mapeyala mpaka kunsonga pamene mkulu wake ankaopa ngakhale kuwoloka mlatho wamitengo. Anthu timabadwa ndi njala yosiyana ya zinthu zogunditsa mtima, ndipo katswiri wina wa ku America, Marvin Zuckerman, anachita kukonza mafunso oyezera njala imeneyi m'ma 1960. Mu ubongo muli dopamine, timadzi tomwe timamuuza munthu kuti chinthu ichi n'chokoma, pita ukachitenge. Mabuleki ake ali kutsogolo, kuseri kwa chipumi, mbali yomwe imayeza kuti ndikachita izi mawa ndidzuka bwanji. Mbali imeneyo imachedwa kukhwima, imafika pake munthu akamayandikira zaka 25. Ndiye mwana wa zaka 18 ali ngati minibasi yotsika chitunda cha ku Thyolo, injini yatsopano, mabuleki akadali kwa makaniko. Kenako inu mukumuthiranso kachasu, yemwe ntchito yake yoyamba ndi kugonetsa mabuleki omwewo. Mukuyembekezera chiyani?

Koma amene andipsetsa mtima kwambiri si wodumphayo. Ndinu amene munaima pouma. Ku Philadelphia, ku America, katswiri wina Laurence Steinberg ndi anzake anapatsa achinyamata masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta, oti loboti ikasintha usankhe kuima kapena kudutsa mothamanga. Zotsatira zake anazitulutsa mu 2005: mwana akakhala yekha ankayendetsa mosamala ndithu, koma anzake akakhala pambali ankaika moyo pachiswe pafupifupi kawiri kuposa ali yekha. Akuluakulu sankasintha kwenikweni. Mu 2011 anaunika ubongo wa achinyamata ena ndi makina pamene akusewera, n'kupeza kuti kungodziwa kuti anzako akukuonerera, ngakhale ali m'chipinda china, mbali ija yofuna zokoma imayaka kwambiri. Kumeneko anzakewo anali awiri okha. Nanga inu khumi ndi mafoni anu, ndi TikTok yonse kumbuyo kwanu? Mnyamata uja akanakhala yekha padziwe paja akanatsika pathanthwe n'kukavala malaya ake. Munamukankha ndinu, kungoti manja anu sanamukhudze.

Ndipo si padziwe pokha. Pa Chitakale ndaona wakabaza atanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga, akupikisana ndi lole, anzake pa siteji akumuimbira mluzu. Pa Luchenza wina amayendetsa njinga yamoto ataimirira pa mpando, helimeti ataikoleka pachigongono ngati chigongonocho ndiye chimaganiza. Mtsinje wa Ruo ukadzaza, pamapezeka woti awoloke basi chifukwa pagombe pali anthu omuyang'ana. Namondwe Freddy anatiphunzitsa chiyani mu Malichi 2023, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi? Taiwala kale? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma apa ogulitsa mbuziyo ndi anzake omwe.

Za helimetizo ndinenepo pang'ono, poti ena mumati bola osafa. Mu 1848, ku Vermont, ku America, kapitawo wa ntchito yomanga njanji dzina lake Phineas Gage anabooledwa ndi chitsulo chomwe chinalowera patsaya n'kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe. Koma dokotala wake analemba kuti munthu amene anali wodalirika uja anasanduka wosaugwira mtima, wotukwana, wosakhazikika pa chimodzi. Chinawonongeka ndi mbali yomweyo ya kuseri kwa chipumi, imene inu mumakaimenyetsa pa phula. Simunaonepo m'mudzi mwanu mnyamata amene anachira ngozi ya njinga koma kunyumba anabwerera munthu wina? Amayi ake amusamala mpaka liti? Aja ankaimba mluzu pa siteji amabwera kudzamusambitsa?

Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, pa mamita 3,002, dzina lake lomwe ndi chenjezo, ndipo phirili silisankha khungu. Mu 2003 mayi wa ku Netherlands anakwera yekha, mpaka lero sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wophunzira bwino wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha, anakamupeza atafa. Anthu a masukulu awo amenewo. Ndiye inu mukakwera ndi masilipasi, opanda gaidi, nkhungu itayamba kale kutsika, n'cholinga choti mukajambule chithunzi cha pa Facebook, mumaganiza kuti phiri likudziwani mayina?

Ngati magazi anu ndi otentha, ndipo ena ndi otenthadi, malo ake alipo. Chaka ndi chaka pamakhala mpikisano wa mapotala, aja onyamulira alendo katundu m'phiri, woyambira pa Likhubula pomwepo, kuthamanga kukwera phiri ndi kutsika. Pitani mukatuluke thukuta kumeneko, tidzakuombereni m'manja ndi mtima wonse. Mapotala ndi magaidi amene amakwera phirili sabata ndi sabata ndi olimba mtima kuposa nonsenu, koma simudzawaona akudumphira m'dziwe lodzaza atamwa.

Makolo nanunso, mwana wanu mumamudziwa kuyambira ali kumsana. Ngati ndi uja wa kunsonga kwa mapeyala, n'chifukwa chiyani mukumugulira njinga yamoto musanamugulire helimeti? Mukamuona pa vidiyo akuchita zamisalazo mumatumiziranso abale pa WhatsApp ndi tizithunzi toseka. Mwaseka chiyani?

Mtsikana wina pagulu lija, atandiona ndakwiya, anandionetsa foni yake kuti, "Taonani agogo, yatuluka bwino." Akanapanda kuvuuka mnzanuyo, vidiyoyo mukanakaonetsa amayi ake? Tsitsani mafoniwo, mulibe manyazi.